Kwathu Dokotala Amalankhula Pomaliza

Ine ndine telala. Makina anga amakhala pakhonde la golosale ina pamsika wa m'komboni ya George, ndipo pansi pa makinawo pamakhala katoni ya mabuku. Sukulu ndinaisiyira panjira, koma kuwerenga kunandimamatira ngati chisoso pa buluku. Mabukuwo ndimagula kwa anyamata oyala malonda pansi m'tauni. Ambiri amabwera opanda chikuto, ndipo masamba ake omalizira anapita kale kukakulunga zitumbuwa. N'chifukwa chake ndimadziwa chiyambi cha zinthu zambiri, koma mathero a zochepa chabe. Mkazi wanga amanditcha pulofesa wa theka, ndipo buku lomutsutsira sindinalipezebe.

Tinabadwa atatu. Woyamba ine, kenaka mng'ono wanga, ndiye patapita zaka zambiri mlongo wathu, mzime. Mzimeyo ndi dokotala. Ndikamanena zimenezi pamsika ndimakweza mawu pang'ono kuti wogulitsa makala nayenso amve, chifukwa ndi mwana yemwe uja ndinkamubereka kumsana popita kukaima pamzere wa madzi kukiyosiki. Amagwira ntchito pachipatala china cha kumakomboni kuno, m'chipinda cholandirira anthu angozi ndi odwala mwadzidzidzi. Kumeneko ndi kumene kumafikira ogundidwa ndi galimoto, otemedwa ndi botolo, ana omwa parafini ndi amene agwera pambaula.

Atagwirako zaka zingapo anayamba kumabwera pakhonde panga akaweruka, n'kukhala pa katoni ya mabuku, nsapato atavula.

"Alongo, ine na imwe ntchito yathu ni imodzi," anatero tsiku lina. "Tonse tisoka. Koma imwe mukasoka buluku, mwiniwake apita nayo kuchikwati. Ine nikasoka mutu, kumapeto kwa mwezi ubwera futi, wong'ambika pamene paja."

Anati watopa ndi kusoka mabala a mowa, mowawo n'kumausiya ukudikira panja pa geti. Choncho anabwerera kukaphunzira za anthu ogwidwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Atabwerako anavutitsa akuluakulu ake mpaka anamupatsa kachipinda kuseri kwa chipatala, kamene kale ankasungiramo mipando yothyoka. Lachinayi lililonse masana amakhala mmenemo kudikira anthu. M'komboni amakatcha kachipinda ka zidakwa, motero amene akupitako amayamba wazungulirazungulira ngati akufunafuna chimbudzi.

Kuchipatala akalankhula, anamwino amathamanga. Kunyumba kwa amayi ndi mzime basi. Udokotala wake timaukumbukira tikafuna kuyezedwa bipi, kapena mlamu wa neba akafuna kudumpha mzere. Akafika pakhomo amayi amamupatsa mpeni ndi mtolo wa chibwabwa, masamba a maungu aja, kuti asadzule, ndipo iye amalandira.

Mng'ono wanga ndi ng'wang'wazi, aja oitanira anthu m'maminibasi pasiteshoni. Mawu ake amafika mpaka kumunsi kwa msika, ndipo palibe mayi wachikulire amene ananyamulapo yekha thumba iye ali pomwepo. Anayamba ndi tujilijili, timapaketi tija ta mowa waukali, ati tothamangitsira mphepo ya mmawa m'nyengo yozizira. Kuzizira kunatha, tujilijili sitinathe. Kenaka anasamukira ku timabotolo ndi kachasu. Zinafika poti mmawa sankatha kumanga zingwe za nsapato asanamweko. Mkazi wake anatenga ana n'kubwerera kwa makolo ake ku Matero, iye n'kubwerera kwa amayi, m'kachipinda kakuseri kamene malemu bambo anamanga kuti azichititsa lendi.

Tsiku lina mvula itakata, azimayi a kutchalitchi kwa amayi akuchokera kokaimba anamupeza atagona m'ngalande, madzi akumudutsa m'khosi. Anamunyamula okha, ali m'mayunifolomu awo oyera, mpaka pakhomo. Manyazi amenewo ndi amene anaitanitsa msonkhano wa banja.

Msonkhano wa banja kwathu uli ndi dongosolo lake. Amayamba amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anakalambira pa chiwongolero cha malole ndipo tsopano amakhala ku Kabanana. Akatha iwo amalankhula amayi, kenaka ine. Mzime amalankhula pomaliza, nkhani itapsa kale, ngati munthu wobwera ndi mchere anthu akusamba m'manja. Mwini mlandu salankhula n'komwe. Amakhala pa kampando pakati, maso pansi.

Lamulungu la msonkhanowo amalume anabwera ndi nzeru yophikaphika. Kachipinda kakuseri kanali ndi chitseko chachitsulo, cha mipiringidzo, ndipo windo lake nalonso linali la mipiringidzo.

"Timutsekere mmenemo," anatero. "Chakudya chizilowa pamipiringidzo, ndowa mkati, azimayi a mapemphero panja. Mowa wonse utuluka m'magazi, mtima uwongoka. Mnzathu wina wa malole apongozi ake anamuchita zomwezi. Lero ndi dikoni."

Amayi anati zili bwino, chifukwa mwanayo adzakhala pamaso pawo.

Itafika nthawi yanga, ndinali wokonzeka. Ndinali ndi buku la zaumoyo, lopanda chikuto ngati anzake, ndipo ndime yonse ndinali nditailoweza. Ndinaimirira, chinthu chimene palibe amachita pamsonkhano wa pakhomo, n'kuyamba kufotokoza za ubongo, za chiwindi, za mitsempha. Ndinatchula mawu awiri aatali achizungu amene mpaka lero ndikukayika ngati ndinawatchula bwino. Ndinamaliza ndi kunena kuti bukulo likuchenjeza kuti kumuleketsa chidakwa mowa kamodzin'kamodzi n'koopsa.

"Ndiye bukulo likuti tichite chiyani?" anafunsa amalume.

Ndinatsegula. Pamene panayenera kukhala yankho panali pong'ambika.

"Apa masamba anachoka, amalume."

Anaseka mpaka kutsokomola. Amayi anaseka. Ngakhale mwini mlandu anamwetulira chapansipansi. Ndinakhala pansi nditamutsekera mlongo wanga njira, chifukwa tsopano chilichonse chimene akananena chinali chitasanduka kale nkhani za anthu a mabuku.

Iye anali pamkeka pafupi ndi amayi, atangomaliza kutolera makapu a tiyi. Anapukuta manja pachitenje.

"Amalume, nipempha munimvere," anatero. "Munthu amene wamwa tsiku na tsiku kwa zaka, simungamuleketse kamodzi. Thupi lake lili monga lole imene dalaivala aponda mafuta na mabuleki pamodzi. Mowa ndiye mabuleki. Mukachotsa mabuleki phazi likali pamafuta, lole ithawa. Azanjenjemera, azaona vinthu vimene kulibe, azagwa monga wa khunyu. Ena amafa. Nawaona na maso anga. Mubwere naye kwa ine mawa, nimugoneke, nimupatse mankhwala, thupi lizolowere pang'onopang'ono."

"Za malole usandiphunzitse, mama," anatero amalume. "Ndiye ukuti mowa ukupha, kusiya mowa nakonso kukupha. Tisankhe imfa iti?"

"Ku kachipinda kako kaja?" anatero amayi. "Kuti komboni yonse inene kuti mwana wanga wapenga? Chipatala n'cha odwala. Uyu sakudwala, wangotayirira."

"Amayi, adwala."

"Tamva, a dokotala," amalume anadula nkhani mwaulemu wonse, ulemu uja umapweteka kuposa chipongwe. "Tiyese kaye zathu. Zikakanika tibwera kwa inu."

Mng'ono wanga analowa yekha m'kachipinda kake ka mipiringidzo kaja ngati mbuzi yodziwa khola lake. Amalume anatulutsa loko watsopano, wamkulu ngati chibakera, n'kukhoma. Kiyi anaika m'thumba la jekete n'kupita naye ku Kabanana, ati mtima wa mayi ndi wofewa, kiyi asagone ku George. Ine ndinali pomwepo, mwana woyamba, imvi kundevu. Mabuku anandiphunzitsa kutsutsa bwino kwambiri, koma chamumtima.

Poyamba zinkaoneka ngati masewera. Azimayi a mapemphero atafika ndi mipando yawo, iye anagwira mipiringidzo n'kuyamba kuitana ngati ali pasiteshoni.

"Tauni! Tauni! Mpando umodzi chabe, bamayo, lowani tinyamuke!"

Anaseka, n'kumupempherera akusekabe. Amayi anandiyang'ana ngati akuti, waona pulofesa?

Kutacha nthabwala zinali zitatha. Nditapitako ndi tiyi, kapu inkagogoda m'mano mwake, theka n'kutayikira pachifuwa. Malaya anali atanyowa ndi thukuta kunja kukuzizira. Chimene wadya chinkabwerera. Mtsogoleri wa azimayi aja anagwedeza mutu mokhutira. "Chiwanda chayamba kulimbana," anatero. "Chikufuna kutuluka." Ine ndinazemba n'kukaimbira mlongo wanga foni kuseri kwa chimbudzi.

Anabwera atangoweruka, dzuwa lisanalowe. Anagwada pachitseko, n'kulowetsa dzanja pamipiringidzo, n'kugwira mkono wa mbale wake akuyang'ana wotchi. Anamufunsa kuti lero ndi lachingati, iye anayankha molakwa. Anamumwetsa mapiritsi ndi dzanja lake. Anaimbira amalume, iwo n'kuti ali pamaliro ku Chazanga, mawu sakumveka bwino. Ndiye anatembenukira kwa ine.

"Alongo, tithyole."

Amayi anaima patsogolo pa chitseko, manja atatambasula. "Muthyola ine nditafa. Mukufuna mlongo wanga anene kuti ndalera ana opanda mwambo?"

Mlongo wanga anatulutsa mapiritsi otsala, n'kuwafotokozera nthawi zomupatsira, n'kubwereza, n'kubwerezanso. Amayi analandira ndi manja awiri, n'kuthokoza. Iye atangopita anakawaika pamwamba pa kabati, kuseri kwa chithunzi cha malemu bambo, chifukwa mtsogoleri uja anali atanena kuti kusakaniza mapiritsi ndi mapemphero n'kukayikira Mulungu. Zimenezi ndinazidziwa pambuyo pake. Ndikafunsa ngati wamwa mankhwala, amayi ankangoti, "Zonse zili m'manja mwabwino."

Tsiku lotsatira masana ndinasiya diresi la mkwati pamakina chifukwa mtima sunkakhazikika. Ndinamva mawu ake ndisanafike pakhomo. Ankakuwa kuti khoma ladzaza mphemvu, kuti pansi pa matiresi pali njoka. Ankadzikanda m'mikono mpaka magazi. Nditamuitana anandiyang'ana n'kuti, "Ba ofisa, basi si yanga, ine niitana chabe." Azimayi anakweza nyimbo. Amayi ankaimba nawo, koma maso awo anali atayamba kuthawathawa.

Kenaka mkatimo munangoti zii. Chotsatira chinali phokoso la chidendene chikumenya ndowa. Anali pansi, thupi lonse litauma, likugwedezeka, mutu ukugunda pa mwendo wa bedi, magazi akuyenderera pasimenti. Ndinalowetsa mkono pamipiringidzo mpaka paphewa. Zala zanga zinkapelewera pang'ono chabe kuti zimukhudze phazi.

Mayi wina anathamanga kukatenga sipuni, ati timuike mkamwa asadzilume. Ine ndinaimba foni.

"Osaika sipuni!" anakuwa mlongo wanga. "Mugonekeni chammbali, chotsani vinthu pafupi na mutu."

"Ali mkati. Ife tili panja."

Kumbuyo kwake ndinkamva mwana akulira ndi mawilo a bedi.

"Thyolani. Manje manje. Mubwere naye kuno."

Neba wathu amawotcherera zitsulo, ndipo ali ndi makina odulira amene akanadya lokoyo ngati nzimbe. Koma magetsi anali atapita mmawa, monga mwa masiku onse. Anabwera ndi sowo yamanja. Anacheka, ine n'kucheka, lokoyo n'kumangonyezimira pamene tachekapo. Amalume pogula loko sachita masewera. Mkatimo kugwedezeka kunaleka, kenaka kunayambiranso. Amayi tsopano sankaimba. Anali atagwada, akuitana mwana wawo ndi dzina lake la paubwana.

Nebayo atakwiya anamenya khoma ndi nsapato, mchenga n'kuyoyoka. Tinayang'anizana. Mabuloko a kwathu kuno mchenga ndi wambiri, simenti amangoinunkhizitsa. Moyo wanga wonse ndakhala ndikudandaula za mabuloko amenewa, koma tsiku limenelo ndinawadalitsa. Anatenga nyundo, ine chitsulo chopindira, ndipo posakhalitsa chitseko chonse ndi felemu yake chinagwera panja, loko ali chikhomere.

Kwathu galimoto sifika nyengo ya mvula. Tinamukweza pa wilibala ya munthu wogulitsa madzi, n'kuthamanga naye m'matope, amayi akutsatira chitenje chili m'manja. Titatulukira pasiteshoni, anzake anamuzindikira.

"Ni wathu uyu! Ni wathu!"

Minibasi imene inali patsogolo inali itatsala pang'ono kudzaza. Anatsegula chitseko n'kuyamba kutulutsa anthu.

"Tsikani bonse! Iyi basi yakhala ambulansi!"

"Ine nachedwa kuntchito!" anakana bambo wina wa tayi.

"Bwana, tsiku imene muzakomoka na imwe tizakuchitirani chimodzimodzi. Tsikani!"

Dalaivala sanachotse dzanja pa huta mpaka pageti la chipatala.

Ndinali ndisanamuonepo mlongo wanga ali pantchito. Anatulukira pakhomo atavala magolovesi kale. Amayi sanawapatse moni, ine sanandiyang'ane. Mawu ake anali ena, aafupi, osapempha. Anthu anayi anamunyamula mng'ono wanga kumuika pabedi, wina akumudula malaya, wina akufunafuna mtsempha. Jakisoni, diripi, chipangizo pachala, kenaka jakisoni wina. "Anamwa liti komaliza? Mapiritsi aja anamwa angati?" anafunsa osatembenuka. Amayi anayang'ana pansi. Iye anamva yankho m'kukhala chete komweko, n'kupitiriza ntchito. Namwino anatitulutsa, koma chitseko chisanatsekeke ndinaona akuweramira pamphumi pa mbale wake ndi singano yokhota. Misoko yake inali yaing'ono, yolingana. Ndinachita nsanje pang'ono.

Amalume anafika dzuwa litapendeka, jekete lili paphewa. Mlonda atawaletsa kulowa, anamuuza mokweza kuti iwo ndi malume wa dokotala. Mlongo wanga atatuluka, amalume anavula chipewa.

"A dokotala, ali bwanji odwala?"

"Apuma. Kugwedezeka kwaleka. Mukanachedwa pang'ono, sembe tikamba vina."

"Tithokoze Mulungu," anatero amalume, n'kuvalanso chipewa.

Patapita kanthawi ndinamupeza mlongo wanga kuseri, pafupi ndi kachipinda kake ka Lachinayi, ataima akudya banzi louma.

"Anthu osanidziwa amanimvera, alongo," anatero. "Amene ananisambika nili mwana ndiye samanimvera. Ninapita kusukulu zaka zonse zija kuti nizikamba pomaliza?"

Ndinangomugwirira botolo la madzi.

Mng'ono wanga anagona m'chipatala masiku angapo asakudziwa kumene ali, kenaka anadzuka n'kupempha nsomba. Lamulungu lotsatira amayi anaima m'tchalitchi kupereka umboni. Anathokoza azimayi a mapemphero amene anachisautsa chiwanda mpaka chinamugwetsa pansi potuluka. Anathokoza mlongo wawo chifukwa cha nzeru. Anathokoza anyamata a pasiteshoni. Pomalizira anathokozanso mwana wawo wamkazi chifukwa chomupezera mbale wake bedi mwachangu. Mlongo wanga anali pabenchi la kumbuyo. Anaombera nawo m'manja.

Amalume anabwera kudzaona khoma logumuka. Anapeza chitseko chitagona pabwalo, anawerama, n'kutulutsa kiyi, n'kutsegula loko wawo mosamala, n'kumuika m'thumba. "Loko wabwino uyu," anatero. "Mwaona, sanagonje."

Kwa miyezi ingapo zinthu zinayenda. Mng'ono wanga ananenepa m'masaya, ankapita ku kachipinda kaja Lachinayi, ndipo kawiri anakwera basi kukaona ana ku Matero. Kenaka mnzake wa pasiteshoni anamwalira, ndipo pamaliro a ng'wang'wazi botolo silidutsa munthu. Anamwa tsiku la maliro, n'kumwanso tsiku lotsatira pochotsa matsire. Lachinayi sanapite. Posakhalitsa zingwe za nsapato zinayambanso kumuvuta.

Msonkhano unaitanidwanso, pabwalo lomwelo, makapu omwewo.

"Ulendo uja chinalakwika ndi khoma," anayamba amalume. "Tinatsegula msanga, ntchito isanathe. Tsopano ndimutengera ku Kabanana. Nyumba yanga ndinamangitsa ndekha, simenti yokwanira. Kumeneko palibe wogumula."

Munthu tinamunyamula pa wilibala, magazi ake mpaka lero sanachoke bwino pasimenti, ndipo phunziro limene amalume anatengapo linali lakuti pafunika mabuloko olimba. Amayi anangoti, "Mwanena ndinu," koma motsitsa mawu, akupotokola nsonga ya chitenje.

Inafika nthawi yanga. Ndinali nditakonzanso zonena, za m'buku lina, ndipo limeneli masamba ake anali onse. Ndinazimeza.

"Amalume, mawu anga ndamupatsa mzime. Alankhule pamalo panga."

"Mwambo umenewo ngwakuti?"

"Ndinauwerenga m'buku."

"Buku liti?"

"Chikuto chinachoka, amalume."

Amayi anaseka mosafuna, ndipo amalume asanapeze poyankhira, mlongo wanga anali atadzuka pamkeka. Ndinkayembekeza kuti abwereza za mabuleki. Sanawayang'ane n'komwe amalume. Anakoka kampando n'kukhala maso ndi maso ndi mwini mlandu, ngati mmene amakhalira ndi anthu ake Lachinayi.

"Alongo, imwe mufuna chani?"

Misonkhano yonse ya zaka zonsezi, funso limenelo linali lisanafunsidwepo. Mng'ono wanga anayang'ana amalume, n'kuyang'ana amayi, n'kuyang'ana manja ake.

"Kuseri kwa chitseko sinibwerera," anatero. "Vimene ninaona muja, imwe simunavione. Mukanitsekera futi, muzanitulutsa m'bokosi." "Nifuna kwa uyu. Koma namwa. Nizamuyang'ana bwanji kumaso? Ananisoka mutu na manja ake, ine nabwerera pamene paja."

"Amene sagwa sabwera kwa ine," anatero mlongo wanga. "Bwerani mmene mulili. Mukanunkha, nitsegula windo. Koma osaleka mweka kamodzi, mwamva? Tizachita pamodzi, na mankhwala."

Amalume anaimirira n'kukutumula jekete. Anati ngati ana ayamba kuweruza milandu akulu alipo, iwo asamba m'manja, ndipo mlongo wawo asadzawaitanenso zikavuta. Anayang'ana amayi kuti awathandize. Amayi anayang'ana kumbali kwa bwalo, kumene chitseko chija chinagonekedwa pa mabuloko anayi.

"Chitseko chija ndikuyanikapo mbale," anatero. "Sichichoka pamenepo. Ndipo mwanayu ku Kabanana sapita."

Amalume anapita osatsanzika. Anakwiya mwezi wathunthu, mpaka mutu utayamba kuwawawa kumbuyo. Pamenepo anaimbira mzime kuti abwere ndi makina a bipi, ndipo iye anapita, n'kuwayeza, n'kuwaphikira tiyi. Za msonkhano uja sanatchule, iwonso sanatchule. Mpaka lero akamakamba nkhaniyi kwa anzawo amati mwanayo akanachira kalekale achikhala kuti anthu a mabuku sanalowerere.

Sanachire, zimenezo n'zoona. Pali miyezi imene amakhala bwino, pali masabata amene amagwa. Mlongo wanga wamugonekapo m'chipatala kachiwiri, mwadongosolo, popanda wilibala. Lachinayi lililonse ndimaphimba makina masana n'kukamutenga pasiteshoni, chifukwa ndikapanda kutero miyendo yake imakhotera kwina. Makasitomala amadandaula kuti telala uyu Lachinayi sapezeka. Mlongo wanga naye amadandaula kuti kachipindako n'kakang'ono, kuti mankhwala amatha, kuti amene amafika kwa iye ndi ochepa pomwe amene amawasoka Loweruka ndi ambiri. Ndikamufunsa ngati mbale wathu adzasiyiratu, amati sadziwa, ndipo amanena mosabisa ngati mmene ananenera za mabuleki.

Lachinayi lapitali ndinamupeza mng'ono wanga akununkha. Anati tipite sabata yamawa, lero sali bwino. Ndinati mzime ananena kuti windo amatsegula. Tinakangana kuyambira pasiteshoni mpaka pageti, iye akunditcha pulofesa wa theka, chifukwa mkazi wanga dzinalo analifalitsa. Tinakhala pabenchi la panja pa kachipindako, ine n'kutsegula buku langa lopanda mathero. Pakona panali bambo wina wovala ovolosi, amene anali atadutsa kale katatu akunamizira kuwerenga zikwangwani. Mng'ono wanga anamuyang'ana, n'kusendera kumapeto kwa benchi, n'kumenya pathabwa ndi dzanja.

"Bakalamba, chimbudzi chili uko, koma ngati mufuna kuno, malo alipo. Mpando umodzi chabe."

Bamboyo anayang'ana kumanzere ndi kumanja, n'kubwera kudzakhala. Mkatimo ndinamva mlongo wanga akukankha windo.